Thabwa Lomaliza

Boti la bambo lagona zaka zinayi pansi pa msawu,
kuseri kwa nyumba, kuno ku Zumbu,
kumene Luangwa amapereka madzi ake kwa Zambezi
osafunsa lisiti.
Lagona chagada ngati munthu wodwala msana,
mbuzi zikukwerapo kuti zifikire masamba.

Ndinayamba Lolemba, mu Okutobala,
dzuwa likutenthetsa ngakhale chogwirira cha hamala.
Matabwa apamwamba sanalimbane nane.
Kungowakhudza, ankafumbutuka ngati buledi wa dzana.
Chiswe chinadya zam'kati n'kusiya penti,
ulemu wake ndi umenewo.

Misomali ndinaizula umodziumodzi.
Odeti, mwana wanga, ankaiwongola pamwala
n'kumaiponya m'chitini cha mkaka.
"Iyi ndi ya agogo?" Eya.
"Nanga wopindikawu?"
Umenewo ndinakhoma ndine, ndili msinkhu wakowu.

Kunsi kwa thabwa lachitatu kunali zolemba za bambo,
zokanda ndi msomali:
Saizi, malita asanu. Belita, awiri. Abusa, khumi.
Palibe dzina lofufutidwa.
Saizi yemweyo anali atatsamira mpanda, akutafuna masawu,
n'kumati, "Limenelo ndi nkhuni basi, achimwene."
Sindinamuwerengere. Ndinalitembenuza thabwalo.

Thanki inali ndi nkhani zake.
Nditaipendeketsa munatuluka madzi ofiira
ndi fungo la petulo wokalamba,
lowawasa ngati mowa wotsala pamaliro.
Ndinathiramo timiyala takumtsinje ndi palafini pang'ono,
tinaigubuduza pabwalo ine ndi Odeti
mpaka agalu a kwa Saizi anatopa kuuwa.
M'paipi mavu anamangamo nyumba yadothi.
Ndinapemerera, zinakanika. Ndinayamwa.
Masiku awiri tiyi ankamveka petulo,
Jasinta n'kumagona choyang'ana kukhoma.

Paipi yatsopano ndinatuma woyendetsa lole ku Tete.
Inafika patatha milungu itatu,
yoperewera ndi chikhatho chimodzi.
Ndinasuntha thanki.
Wosauka sakangana ndi paipi.

Kabuleta ndinaimasulira pachitenje cha Jasinta,
chija cha maluwa achikasu,
tizitsulo ndikutindandalika monga ndinatichotsera,
timabowo ndikutitokosa ndi waya wa buleki ya njinga.
Kasipuling'i kamodzi kanadumpha.
Tinakafuna chokwawa tonse atatu mpaka mdima,
kanapezeka m'tsitsi la Odeti.

Mlombwa ndinasinthanitsa ndi mbuzi ziwiri,
zomwe zija zinkakwera pabotipo.
Ndinapala, ndinayeza, ndinayezanso, ndinadula,
m'mipata ndikutsindira chingwe chathonje ndi phula lotentha.
Fumbi lake lofiira linandimatirira m'manja
ngati ndapha chinthu.

Injini ndinaiyesera mumgolo wamadzi.
Kukoka koyamba, zii.
Kachisanu inatsokomola.
Kenaka, phewa litayamba kale kundiwawa, inalira,
utsi wabuluu n'kukwera mumsawu.
Jasinta anatuluka ndi thovu la sopo m'manja,
anaimirira, anamvetsera.
"Mawu ake ndi omwe aja," anatero,
n'kubwerera kukachapa.

Latsala thabwa limodzi, lakumutu.
Koma nkhuku ya Jasinta, yamawangamawanga ija,
yaikira mazira asanu ndi awiri
m'ngodya momwe bambo ankabisa fodya,
ndipo yakhalira.
Ndikayandikira ndi hamala imafufuma
n'kundiyang'ana ndi diso limodzi.
Jasinta akuti ndi masiku makumi awiri ndi limodzi.
Apita anayi okha.

Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Zambia.
Anzanga akudutsa ndi maukonde pamapewa,
ena akundipatsa moni, ena akuseka.
Ine ndakhala pamthunzi, thabwa lili pamiyendo,
ndikulipalabe ngakhale linasalala kale.
Kunsi kwake, kumene dzuwa silidzafika,
ndakanda ndi msomali wanga wopindika uja:
Saizi, malita asanu.