Timibulu ta Kumizu

Chaka chomwe dzina langa linasowa pa makuponi
ndinachoka pa Mitundu ndi thumba lopinda,
njinga ikulira ngati ikundiseka.
Kumunda chimanga chinali chachikasu, chofika m'mawondo,
kaufiti atayala maluwa ake pamizere.

Nasimango, mlamu wanga, anandipatsa mbale ziwiri za kalongonda:
"Dzala izi, nthaka ipumeko."
Odutsa ankati ndalima tchire.

Mu Febuluwale ndinazula phata limodzi.
Kumizu kunali timibulu tonga njere za mapira.
Ndinaphwanya kamodzi ndi chikhadabo:
m'kati mofiirira ngati nyama.
Alangizi anati mmenemo muli tizilombo tosaoneka
totapa nayitirojeni mumpweya womwe timapuma ulerewu
n'kumulowetsa m'mbewu.

Masangwi sindinatenthe.
Ndinasiyira chiswe ndi nyongolotsi kuti zigawane,
ine n'kumalimbana ndi mbuzi za a Kalilombe
mpaka mvula yoyamba.

Lero chimanga chandipitirira msinkhu,
masamba ali bii,
feteleza ndinangothira theka.
Ndaima pamzere, khasu paphewa,
osadziwa woti ndimuthokoze:
mlamu, mphepo,
kapena masamba aja anavomera kuwola.