Zala Ziwiri

Waibweretsa m'mamawa, chisanu cha ku El Alto chikadali pamalata,
lole yabuluu yonunkha malalanje ophwanyika.
"Ndangokhudza pang'ono khoma la mwala," akutero Nemesio Apaza,
"nkhungu inanditseka m'maso pokwera kuchokera ku Coroico.
Ungowongola bampala, Casilda, ndibwerere pamsewu."
Koma chiwongolero chapendekeka ngati chipewa cha chidakwa,
ndipo mwini wake akundiyankhula khosi lili chammbali.

Liza injini. Usaponde moto.

Ndatenga sikuludiraiva yaitali ija anandisiyira malemu bambo,
nsonga pachitsulo, chigwiriro pafupa la kuseri kwa khutu.
M'katikati muli mtendere:
mapisitoni akusinja molandizana, palibe wolumpha mnzake.

Cholira chili kunja.
Tche-tche-tche, kumphuno uko,
ukaponda moto chikuthamanga, ukasiya chikuwefuka.
Rediyeta yabwerera m'mbuyo ngati munthu wodzidzimuka
ndipo tsamba limodzi la fani likuinyambita pakhosi.
Taona apa, penti yasupuka, chitsulo chili mbee.

Tsopano lowetsa giya. Gu!
Bwereza. Gu!
Usatuluke thukuta, si giyabokosi ameneyo.
Ndi labala amene injini imakhalira, wang'ambika pakati,
injini ikudzuka pampando n'kukhalanso mwamphamvu.
Palinso kachitatu, kamanyazi, psii, psii,
kamene kamabisala chitsulo chikatentha.
Kameneka ndakagwira ndi maso:
kamzere ka mwaye pamene paipi ya utsi yachita mng'alu.

Zonsezi n'zotchipa.
Khutu lathera pomwepa, zotsalazo sizilira.

Ndakhuthula ndowa ziwiri za madzi pasimenti,
ndaidutsitsa pomwepo, ndatsika kukawerenga mapazi.
Matayala akumbuyo sakuponda moponda akutsogolo.
Ikuyenda ngati galu wochokera kokuba,
mutu kumsewu, mbuyo kutchire.
Chingwe ndi choko tsono:
kuchokera ngodya iyi kukafika iyo, mopingasa,
kenako inzake.
Zala ziwiri.
Ndayezanso, paja chingwe chimanama manja akazizidwa.
Zala ziwiri ndithu.
Bawuti wapakati pa masipuling'i waduka, ekiselo yasuntha,
ndipo shasi, chapafupi ndi thanki,
yakwinyika mpaka dzimbiri kuyoyoka lokha.

Khoma longokhudza silipinda msana, Nemesio.

Wakhala pansi, patayala lakale.
Mayi wogulitsa api wotentha wadutsa pageti, sanamuitane.
Akupotokola chipewa ngati akuchifinya madzi.
"Panali minibasi," watero.
"Inatulukira pakona nyali zili zozima.
Kumanja phompho, kumanzere khoma, pakati iwowo.
Ndinasankha khoma.
Ana asukulu anandiyang'ana pawindo podutsa,
wina anali ndi sikafu yofiira, akudya buledi."
Wameza malovu.
"Palinso phokoso lina, Casilda, sunalimve?
Ngati galasi limene likugwabe,
silinafike pansi."

Ndalizanso injini.
Ndaika nsonga pamutu pake, pampope wa madzi, pa alitaneta,
ndagona chagada pakatoni, girisi akundidonthera patsaya.
Ndazimitsa.
Zii.
Ndege yanyamuka kuseri kwa nyumba za njerwa zosapaka,
chitsulo chikuzizira, chikuthetheka pang'onopang'ono,
ndipo galasi lakelo sindinalipeze.

Pachitseko cha lole ndalemba ndi choko:
fani, labala, paipi, bawuti, shasi,
masiku asanu ndi anayi, theka la ndalama lero.
Shasi tidzaikoka ndi matcheni, idzabuula, idzabwerera,
ngakhale chitsulo chopindidwa sichiiwala kwenikweni.
Pansi pake ndasiya mpata wa mzere umodzi.

Makiyi ukoleke pamsomali apo.
Chipatala chili kuseri kwa msika, akakuone khosilo.
Upite wapansi.

Watuluka pageti, dzuwa likumuwomba kumsana,
ndipo ine, chizolowezi n'choipa,
ndayang'ana mapazi ake onyowa pasimenti.