Sefa

Mu Novembala ku Lahore
dzuwa limatuluka ngati khobidi lakale,
ukhoza kuliyang'ana osaphethira.

Kumidzi alimi atentha ziputu za mpunga.
Chinyontho chikaniza moto kudya zonse,
zotsalazo zikwera, utsi uli tolo!
Koma usiku kwazizira, mphepo yagona,
utsi wasowa khomo kumwamba,
wabwerera kudzakhala nafe mumsewu.

Shafqat amasula sefa ya njinga yamoto.
Lachisanu lapitali inali yoyera.
Aimenya pabondo, mwaye kuti kobo!
"Injini nayo imapuma," auza mwini wake,
"ikabanika imamwa mafuta ngati chidakwa
n'kumalavula zakuda kumbuyo."
Yatsopano, marupiya mazana atatu.
Aliza. Yalira bwino. Mwini wapita.

Pakhomo pa galaja pali Rukhsar.
Sukulu atseka chifukwa cha mpweya,
ndiye akujambula mbalame ndi chala
pathanki yodzaza fumbi.
Atsokomola. Atsokomolanso,
m'chifuwa mukulira ngati chitseko cha dzimbiri.

Bambo ake ayang'ana pashelefu:
mapulagi, mabawuti, masefa a saizi iliyonse.
Atola nsanza, apukuta manja,
apukutabe,
apukutabe.