Buleki Yake N'kupalasa Chobwerera

Ndinaipeza ku Galveston, m'galaja mwa Mayi Tijerina,
itatsamira khoma kuseri kwa zitini za penti youma,
matayala ali phwaa,
akangaude atamanga mudzi pakati pa masipoko.
Ndi yofiira, anatero mayiwo.
Ine ndinangoona dzimbiri.

"Madola makumi asanu ndi atatu."
Ndinati makumi asanu.
Iwo anayang'ana njinga, osati ine.
"Eusebio anaikwera zaka makumi atatu popita kudoko,
kaya mvula, kaya tagona titayambana.
Makumi asanu ndi limodzi. Mpope tengani ulere."

Ndinaikankha misewu isanu ndi iwiri mpaka kwathu,
ikulira kwii, kwii,
agalu a m'mipanda akuiyankha.

Bambo Prudhomme, oyandikana nawo nyumba,
amene anakalambira m'mimba mwa sitima zapamadzi,
anandiponyera sipanala pamwamba pa mpanda.
"Mphepo yakuno imadya chitsulo ngati chiswe.
Yamba ndi zomwe sizioneka."

Tcheni ndinaviika m'palafini usiku wonse,
kutacha m'beseni munali bii.
Nditatsegula habu yakumbuyo
munatuluka mchenga,
mchenga weniweni wa m'nyanja,
wa chaka chija namondwe analowa m'nyumba za anthu osaodira.
Ndinayala timipira tachitsulo pansanza yoyera,
ndikuwerenga ngati mankhwala a wodwala.
Kamodzi kanathawira kunsi kwa firiji.
Ndinagwada ndi tochi m'kamwa,
munthu wamkulu ndithu,
kupembedza kanthu kochepa ngati nsawawa.

Chitsulo cha chishalo chinakana kuzuka sabata yathunthu.
Madzulo aliwonse ndikaweruka kuchipatala
ndinkachidonthezera oyilo, n'kuchisiya.
Lachisanu ndinachitukwana.
Loweruka chinagonja chokha, ndisanalimbe n'komwe.

Girisi anakhala m'zikhadabo zanga masiku atatu.
Gogo wina pabedi lachinayi anagwira dzanja langa,
analinunkhiza, nati, "Mwana iwe, uli ndi njinga."

Chishalo chokha ndicho chinatikanganitsa.
Chikopa chake chinapendekera kumanzere,
chinakumbika pomwe munthu wina ankakhala,
munthu wolemera kuposa ine,
amene mwina mwendo umodzi unkamuvuta.
"Taya," anatero Bambo Prudhomme. "Zatsopano zili mbwee."
Ndinachipaka mafuta, n'kuchibwezera pomwepo.
Mpaka lero ndimakhala mopendekera pang'ono.

Tsiku loiyesa, pamsewu wa m'mbali mwa khoma lotchinga nyanja,
mahandulo ali tambalala ngati nyanga za ng'ombe,
zala zanga zinafufuza buleki, osaipeza.
Kutsogolo ngolo ya ayisikilimu, ana atatu.
Kumbuyo mawu a Bambo Prudhomme:
"Chobwerera! Palasa chobwerera!"
Ndinaponda cham'mbuyo.
Tayala linakhwekhwereza, n'kuima.
Sindinaonepo chinthu china
chimene kuti chiime chimafuna uyambe wabwerera.

Ilibe magiya. Siidziwa changu.
Ukakumana ndi mphepo, umangovomera.

Lamulungu ndinadutsira dala kwa Mayi Tijerina.
Anali pakhonde, akusenda malalanje m'mbale.
Ndinaima pageti, ndikudikira kuti ayamikire
malimu owala, matayala a m'mbali moyera,
kufiira komwe ndinakufukula pansi pa dzimbiri.

Anatsika masitepe, anaizungulira kamodzi,
anasisita chishalo pokumbika paja.
"Taikwerani ndione."
Ndinapita mpaka pakona, n'kubwerako,
njinga ili zii, ngati mphaka.

"Kulira kuja mwakuchotsa," anatero.
"Ndinkamumva akali pa tchalitchi paja,
n'kuika khofi pamoto.
Ndinamuuza kambirimbiri kuti aithire oyilo."

Anandipatsa theka la lalanje.
Ndinadya nditaimirira, phazi limodzi papedulo.
Pochoka ndinaliza belu,
lomwe ndinali ndisanalikonze,
ndipo linangoti khwe.