Masamba Khumi ndi Awiri

Ndinabwera nalo kope langa m'jumbo ya shuga,
lofiira m'mphepete ndi fumbi la ku Malangalanga,
momwe ndinalemba thumba lililonse la simenti
lomwe lole ya a Kanyumbu inatuta kupita ku Kanengo.

Loya wa kampani anadzuka, nakoka mkanjo wake.
Ili si buku la malonda, anatero, mulibe chidindo,
muli fizi ya ana ndi ngongole ya makala.
Jaji anatsitsa magalasi, nanyowetsa chala,
nayenda m'masamba ngati wosankha nyemba.
Khumi ndi awiri, kuyambira Malichi kufika Meyi,
amenewa alowe. Enawo apanidwe ndi pini.

Kenako mafunso, oyabwa ngati chitedze.
Bwanji inki yasintha pa tsamba lachisanu?
Cholembera chinatha.
Anasaina ndani apa?
Lufeyo, folomani wanu.
Nanga amuna anu, paja anathawa ngongole ya kubanki...
Jaji anagogoda tebulo kamodzi kokha:
Mwamuna wa mayiwa mulibe m'masamba khumi ndi awiri.
Bwererani ku simenti.
Mtima wanga unati myaa.

Masana loya wanga anasolola foni,
ija yosweka galasi, yomwe mwana anaipeza dzana
pansi pa matilesi.
Muli mawu a Lufeyo, akutsokomola, akuvomera
matumba mazana anayi.
Ndinayamba kuwerengera ndalama m'mutu.
Jaji anafunsa: Anzanuwa munawapatsa liti kuti amve?
Zii.
Fani yokha kulira kudenga.
Munthu safunsidwa pa chinthu chomubisalira panjira, anatero,
tsiku lobweretsa umboni linadutsa mu Ogasiti.
Foni inabwerera m'thumba, mawu ake ali m'mimba.

Pa kabaza ndinatukwana mpaka pa mlatho wa Lilongwe,
mnyamata wopalasa osayankha.
Titafika pa Mchesi mkwiyo unayamba kuchita manyazi.
Chitseko chomwe chinatsekera mwamuna wanga kunja
ndi chomwecho chatsekera foni yanga.
Ine ndimagulitsa misomali pa sikelo,
ndimamudziwa kasitomala wofuna chala changa
chitsamire mbali yake.
Lero kasitomalayo ndinali ine.

Komabe matumba aja ndinapereka.
Nyumba yawo yaima, yapakidwa kale penti.

Kope lagona ku khoti, lavala nambala pachikuto.
Chigamulo akuti Lachinayi.
Usiku uno ndalemba malonda a lero
kuseri kwa kalendala.