Mtengo wa Mpweya

Sukulu inanditumiza ku Makata miyezi itatu
kukaphunzira ntchito pa kampani ya zipinda ziwiri,
kuseri kwa owotcherera zitsulo.
A Likoswe anandipatsa tebulo lotsimphina,
laputopu yobenthuka pangodya, ndi funso limodzi:
kilogalamu imodzi ya haidrojeni,
yopangidwa ndi dzuwa lokha, osagunda waya wa Escom,
ingatidye makwacha angati?

Ndinaseka chamumtima.
Dzuwa n'laulere. Madzi si awo mu Mudi?

Sabata yoyamba ndinaphunzira kuti dzuwa n'laulere ndithu
koma chotungira chake amagula ndi madola,
chimatsikira ku Beira, n'kugona pa Mwanza
msonkho utachikhalira pamsana.
Madzi a mu Mudi makina amawanyansidwa,
a pampopi omwe amawakana.
Amafuna otchezedwa ngati kachasu,
malita asanu ndi anayi pa kilogalamu,
osawerengera otayika.

Kenaka chiperoni chinatsika phiri la Ndirande.
Masiku anayi munthu osaona chithunzithunzi chake.
Papepala langa makina ong'amba madzi aja
anangokhala ndwii, ngati mlamu wodzacheza
amene satchula tsiku lobwerera,
chiwongoladzanja cha kubanki chikuyenda chokha
usiku ndi usana, osafuna dzuwa.

Ndinali pa mzere wa makumi anayi ndi chisanu ndi chimodzi
pomwe a Mtambalika, alonda athu,
anasuzumira pazenera ndi kapu yawo ya tiyi.
Ndaziona, ineyo mwandilemba?
Ndinati ayi, izi n'zamakina.
Iwo: masola anuwo akagona panja okha
mudzawapeza pamsika ku Limbe, mtengo wokambirana.
Nanga fumbi la Okutobala adzapukute ndani?
Ndinatsegula mzere wina. Mlonda. Chidebe. Kansalu.
Nambala inakwera pang'ono, ngati munthu wodzuka pampando
kupatsa moni wamkulu amene sanamuone polowa.

Lachinayi lina kwacha inaterereka.
Ntchito ya masabata asanu ndi awiri
inasanduka nkhani yakale isanakwane nkhomaliro.

Pali mizere ina yomwe sindinalembe:
minibasi ziwiri kuchokera ku Chilobwe,
bandulo yothera pakati pa lipoti la ku Jeremani
momwe ngongole imabwereka motchipa ngati mchere,
chimanga chowotcha cha masana,
nsapato yanga yakumanzere yomwe yayamba kuyankhula,
ndi mayi anga akukangana ndi wamakala pageti
madzulo omwe magetsi apita osatsanzika.

Usiku womaliza nambala inatuluka.
Inali yonenepa, yosalowa pakhomo la aliyense.
Ndinayesa kuisenga:
kuchepetsa chiwongoladzanja apa, kuonjezera dzuwa apo,
kupatsa makina zaka zina zisanu za moyo.
A Likoswe anaima kumbuyo kwanga, magalasi ali pamphumi.
Usaidzoze mafuta nambalayo, anatero.
Isiye ituwe choncho.
Wobwera pambuyo pako adziwe poyambira kukanda.

Ndinaibwezera momwe inalili.
Pansi pake ndinalemba zinthu zitatu
zomwe zitati zatsika, nayonso ingatsike,
ndipo pa zitatuzo dzuwa panalibe.

M'mawa mwake ndisanabweze makiyi
ndinatulutsa botolo la jamu, mawaya awiri
ndi kasola kotchajira foni,
ndinaika pakhonde pomwe kadzuwa kanagwa.
Tinadikira.
Owotcherera anali atayamba kale phokoso lawo.
Kenaka pa waya umodzi, timathovu,
tating'ono kuposa mazira a nsabwe,
tikukwera pamzere, tikuphulika mwakachetechete.

A Mtambalika anawerama, manja kumbuyo.
Ndiye miyezi itatu yonseyi n'timeneti?
Ndinati eya.
Anayang'ana nthawi yaitali.
Kenaka anasuntha phazi lawo pang'ono,
chifukwa mthunzi wawo unali utagwera pa sola.