Sopo wa Chimbalanga

Folo koloko madzulo timawerenga mitu:
zana limodzi, makumi atatu ndi inayi,
m'chipinda chimene anamangira anthu makumi anayi.
Loko akangoti khethe, ulamuliro wanga wathera pomwepo.
Mkatimo boma ndi lina.

Muli a Pakhomo, ogona polowera kamphepo.
Muli a Kuchidebe, amene mphuno zawo zinafa kalekale.
Otsalawo ali pa shamba, kugona chokhala,
chifuwa pamsana pa mnzake
ngati mitolo ya nzimbe pa lole ya ku Dwangwa.
Malo ali ndi mtengo wake:
ndudu zisanu, theka la sopo,
kapena zina zimene mnyamata sangauze ngakhale amake.
Wotolera msonkhowo ndi nyapala Chimbalanga.

Lachiwiri tinamupatula.
Selo ya yekha, kuseri kwa khitchini,
mapazi asanu ndi awiri m'litali, ndinayeza ndekha ndi jombo.
Pakhoma la ofesi pali pepala limene chiswe chayamba kudya:
asapitirire masiku khumi ndi asanu,
aziothera dzuwa ola limodzi,
madzi akhalepo, kuwala kukhalepo,
wachipatala azimuona tsiku ndi tsiku.
Wachipatala ali kumaliro ku Mwansambo.
Babu linapsa nthawi yokolola mpunga.
Koma ine ndimalemba.
Ola lililonse diso langa pakabowo, cholembera m'buku:
ali moyo, wagona.
Ali moyo, wakhala tsonga.
Ali moyo.

Selo yoyandikana nayo muli Twaibu,
amene sanalakwe kanthu muno.
Anachita kupempha yekha, chogwada,
kuti timutsekere kutali ndi a Pakhomo.
Fomu ndi imodzimodzi, khoma ndi lomwelo,
woluma ndi wolumidwa, onse tinalemba kuti opatulidwa.
Mzikiti wa ku Linga ukaitana m'bandakucha
ndimamva zikhatho zake zikusisita khoma,
kusamba ndi fumbi poti madzi anatha dzulo.

Usiku wa Lachinayi, kutentha kotulutsa nsikidzi m'ming'alu,
Chimbalanga anandiitana ndi mawu a munthu wodwala.
"Bwana Gwaza, sopo uyu wanditsalira.
Mukapatseko Lifa, ali ndi mphere mwana uja."
Ndinati mumtima: taonani, mdima wamufewetsa.
Ndinati: pepala lija limagwiradi ntchito.
Ndinamuika m'thumba la yunifolomu, pafupi ndi makiyi.
Sindinamutembenuze.

Kutacha tinapeza Malizani,
amene anali atasunthira bulangete lake pakhomo,
atanyamula mano atatu m'dzanja
ngati chimanga chofuna kukabzala.
Mitu zana, makumi atatu ndi itatu
inayankha ndi pakamwa pamodzi: anagwa yekha.
Nayenso Malizani, nsagwada ili lende, anavomera.

Sopo uja ndinamupeza pafupi ndi chidebe.
Kunsi kwake chikhadabo chinali chitalemba M
ndi timizere titatu.

Tinatsekera thupi, maloko awiri ndi mpiringidzo,
mawu ake anatuluka atakwera ine.
Anadutsa bwalo lonse atavala jombo za boma,
alonda a pageti anawachitira sawasha.
Ndatsegula buku kuona zimene ndinalemba ola limenelo.
Dzanja ndi langa, inki ndi yanga:
zonse zili bwino.

Lero ndilinso pa naiti.
Mawa a bwana akulu adzafuna lipoti
ndipo mzere wa dzina la wotumiza uthenga ndaudzaza kale.
Wa wonyamula udakali mbee.
Ndili ndi ana anayi ndi nyumba ya m'laini,
penshoni yatsala zaka zisanu ndi chimodzi.

Udzudzu ukulira m'khutu.
Lole ina yadutsa pamsewu, khoma lanjenjemera pang'ono.
Twaibu wagogoda kawiri, akufunsa nthawi.
Ndamuuza. Wathokoza.
Kenako, kuchokera mumdima wa selo inayo,
mwaulemu wonse, ngati wofunsa za mvula:

"Bwana Gwaza, mphere za Lifa zili bwanji?"